Nyumba ya Nsomba ya ku Joni

M'kabati yanga muli kachidutswa ka pulasitiki koonekera ngati galasi, kotalika ngati kuchokera pachigongono kufika kunsonga ya chala. M'mbali mwake ndi mosalala, koma kunsonga zake zonse ziwiri kuli zipsera za sowo ya malume. Ndinalembera nako mizere kusukulu kuyambira sitandade 5 mpaka folomu 4, ndipo ndikulumbira kuti palibe mzere umene unakhotapo. Zina zonse zimene kachidutswa kameneka kanakhudza zinakhota.

Kanachokera pa nyumba ya nsomba imene bambo anatitumizira kuchokera ku Joni.

Bambo anapita ku Joni ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi, kukasamalira maluwa pakhomo pa mzungu. Chaka choyamba ankaimba foni Lamlungu lililonse. Chachiwiri anaimba pa Khirisimasi. Chachitatu foni yawo inayamba kuyankhidwa ndi mayi wina waulemu kwambiri wolankhula Chingerezi, amene tsiku lililonse ankabwereza mawu amodzimodzi. Malume anatiuza kuti ameneyo si munthu, ndi makina onena kuti nambala sikupezeka. Amayi anati makina kapena munthu, mkazi ndi mkazi basi. Pofika chaka chachinayi anthu a m'mudzi mwathu, kufupi ndi Champiti, anayamba kuwatchula bambo kuti mtchona, munthu wopita osabwerera, ndipo ankatsitsa mawu ine ndikamadutsa ndi ndowa pamutu. Amayi anali atapempha kale kawiri kuti ankhoswe akhale pansi awamasule. Kawiri konse anauzidwa kuti afatse.

Ndiye kunabwera mwezi wa Okutobala, ndi dzuwa lija loti nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Chaka chimenecho nkhuku zathu zinkaikira mazira ophikaphika. Ndinadyapo awiri, chimene chinkasowa ndi mchere wokha. M'masiku amenewo dalaivala wina wonyamula katundu wa anthu a ku Joni anasiya chinthu ku boma ku Ntcheu, m'manja mwa malume, mchimwene wa amayi, amene ankachita kabaza ndi kumata njinga pansi pa mtengo pafupi ndi msika. Malume anachimanga pa kaliyala, n'kukankha njinga ulendo wonse chifukwa choopa mabampu. Anafika kwathu ndi gulu la anthu pambuyo ngati mwini maliro. Ena ankanong'ona kuti ndi bokosi la munthu wolemera amene akufuna aziona anthu obwera kudzamulira.

Chinali chotalika ngati mikono yanga yotambasula, chakuya kufika m'mawondo a munthu wamkulu, chowonekera mbali zonse. Ukachigogoda sichinkalira ngati galasi, chinkangoti gudu, ngati dzungu. Chinali ndi zokalika zambiri, pamwamba pake panali kamtanda kopingasa kogwira khoma lakutsogolo ndi lakumbuyo, ndipo cham'munsi mwa khoma lakutsogolo munali bowo lolowa chala chachikulu. Amayi anasuzumira m'kati. Munalibe kalata, munalibe shuga, ngakhale nsapato ya mwana. Munali kamtengo kobiriwira ka pulasitiki kokha.

Aphunzitsi anga, amene ankakhala kuseri kwa nyumba yathu, ndi amene anatimasulira. Anati azungu amadzaza madzi m'menemo n'kuweta nsomba zongoyang'ana, zosadya, ndipo chinthucho si galasi koma pulasitiki yolimba yotchedwa akiriliki. Anthu anaseka za nsomba zosadyazo mpaka ena anakhala pansi. Amayi sanaseke.

M'mawa mwake kunafika bambo aakulu, mkulu wawo wa bambo, amenenso anali nkhoswe ya kuchimuna. Anachizungulira chinthucho katatu, manja ali kumbuyo, n'kunena kuti munthu woiwala banja satumiza katundu wapamwamba chotere, choncho nkhani yomasulana ithe. Amayi anali pamkeka, akusankha nyemba. Sanadzutse mutu.

“Alamu, chinthu chimadziwika ndi ntchito yake. Ichi akuti n'chosunga madzi. Chisunge kuyambira Lamlungu mpaka Lamlungu. Chikasunga, ndidikira chaka china. Chikadontha, mudzabwere tidzakambe zondimasula.”

Lero ndikudziwa kuti anangofuna kuwatseka pakamwa alamu awo. Koma mawu ogwera pamaso pa ankhoswe satoledwa. Bambo aakulu anavomera, malume, nkhoswe ya kuchikazi, anavomera, ndipo ine, amene ndinali kuseri kwa chitseko, ndinamva chinthu chimodzi chokha: bambo anga ali m'madzi amenewo, akadontha ndiye kuti apita.

Malume ndi amene anali ndi mantha kuposa tonse, ngakhale ankawabisa ndi mluzu. Anakula ndi bambo, ankaweta ng'ombe limodzi, ndipo ndi iwo amene anawalozera mlongo wawo. Loweruka anabwera ndi thumba lawo la zitsulo n'kulengeza kuti padziko lino palibe chodontha chimene iwo sangamate. Anati anamatapo chubu chokhala ndi zigamba makumi anayi, moti chubucho chinatha kalekale, njinga inkangoyendera zigamba. Zimenezi ndinaziona ndekha.

Anayamba ndi bowo lija. Anati m'malo molitseka aikepo mpopi wa ndowa, kuti achemwali awo aone kuti mlamu wawo anatumiza chinthu chothandiza pakhomo. Mpopiwo unali waukulu kuposa bowo, ndiye anaika msomali pamoto mpaka unafiira, n'kumakuza bowolo pang'onopang'ono. Fungo lake ndimalimvabe, lotsekemera ndi loyabwa kukhosi, ngati masiwiti opserera. Anadula mphira wa chubu, n'kumanga mpopi mwamphamvu ndi sipanala, ndipo pamene ankamaliza kupotokola ndinaona timing'alu toyera tikutuluka pabowopo ngati mapazi a nkhuku. Anathirapo supagulu. Pulasitiki inayera ngati yathiridwa ufa, ndipo timing'aluto tinaberekana. Malume anati usaope mwanawe, ndi guluu akulowa. Anamata phula pamwamba kuti pasaoneke.

Kenako anayang'ana kamtanda ka pamwamba kaja. Anati kakutchinga pothira madzi, ndipo azungu amakonda kuika zinthu zopanda ntchito. Anatenga sowo. Sipanapite nthawi, kamtandako kanali m'manja mwanga.

Aphunzitsi anafika ntchito itatha. Anandilanda kachidutswako, n'kukayang'ana kwa nthawi yaitali ngati mmene ankayang'anira kope la mwana wolephera. Anawafotokozera malume kuti madzi salemera pansi pokha, amakankhanso m'mbali, ndipo kamtandako ndi kamene kankagwira makoma awiriwo kuti asatasuke. Malume anati aphunzitsi amadziwa madzi a m'buku, iwo amadziwa madzi enieni. Aphunzitsi sanatsutse. Anapita kwawo n'kubwera ndi kapepala ndi selotepi, n'kumata kunja kwa khoma, kumunsi pang'ono kwa theka.

“Chonsechi chikhoza kulowa ndowa zisanu ndi ziwiri,” anatero. “Koma mmene mwachichitiramu, zitatu zokha. Madzi asadutse pakapepalapa.”

Lamlungu titachoka kutchalitchi tinachiika pabalaza, pamwamba pa thabwa ndi njerwa. Amayi anathira ndowa zitatu, madzi n'kufika pakapepala ndendende. Kamtengo kobiriwira kanayandama. Tonse tinakhala chete kumvetsera, ndipo sichinadonthe. Amayi anatenga chitenje chawo chakale, n'kuchiphimba chonse, malume n'kukulunga chingwe cha ng'ombe kuzungulira katatu kuti ana ndi nkhuku zisavundukule. Amayi analamula kuti pasapezeke wokhudza mpaka Lamlungu, pamaso pa ankhoswe.

Muyenera kudziwa kuti madzi chaka chimenecho sanali nkhani yamasewera. Mjigo wa m'mudzi mwathu unkatulutsa ngati ukulavula, ndipo ndowa zinkakhala pamzere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Ina inafika pamzerepo ili yatsopano n'kudzabwerera kwawo ili ndi dzimbiri. Dontho lililonse pakhomo linali ndi ntchito yake.

Lolemba nditabwera kusukulu, amayi ali kudimba, ndinalowa pabalaza n'kuima. Poyamba ndinamva mtima wanga wokha. Kenako ndinamva: tho. Panapita nthawi yoti munthu n'kunena Atate Wathu yense. Tho. Ndinagwada n'kusuzumira pansi pa thabwa. Dothi lozira la pabalaza linali litada malo aakulu ngati mbale, pansi pa mpopi penipeni.

Sindinalire, nthawi yolira panalibe. Ndinawaza phulusa pamalo onyowawo, n'kubisa chitini kuseri kwa njerwa kuti chizilandira madontho. Kenako ndinafufuza m'mphepete mwa chitenje mpaka ndinapeza ngodya imodzi pamene chingwe sichinagwire bwino. Panali kampata kongolowa mlomo wa ketulo. Ndinathira ketulo imodzi, osaona m'kati, ndipo madzi analira kutali, pansi penipeni, ngati m'chitsime.

Umu ndi mmene ndinakhalira mbala ya madzi. Ndinkaba mumtsuko, ndinkaba otsukira mbale, koma ambiri anali anga osamba. Ndinkapita nawo kubafa, n'kumenya madzi ndi manja kuti amveke, n'kunyowetsa nkhope ndi mapazi okha, otsala n'kubisa. Sabata yonseyo sindinasambe. Pofika Lachinayi mbuzi zinayamba kundipatukira njira, ndipo tonde wa anansi athu ankandipatsa moni ngati mnzake. Amene akukayika akafunse anzanga a m'kalasi, amene anandisiyira benchi yonse ndekha.

M'chitini munkagwera madzi ochepa, koma mantha sadziwa muyezo. Ndinkaganiza za amene dothi lamwa, amene dzuwa latenga, amene mwina akudontha kumbuyo kumene sindikuona. Ketulo imodzi patsiku inasanduka ziwiri, kenako zitatu. Ndinkawerenga zonse pokala ndi msomali kuseri kwa chitseko.

Panyumba panalibe wotchula za chinthucho. Malume, amene kale ankabwera kamodzi pamwezi, anayamba kufika masana aliwonse, thukuta lili kamukamu, n'kundituma kukapala moto kwa anansi ngakhale kukhitchini kwathu kunkafuka utsi. Amayi ankadutsa pabalaza nkhope ili kumbali, ngati munthu wodutsa pamanda. Sabata imeneyo ankapita kumjigo kawirikawiri kuposa masiku onse, ankati zovala zachuluka, koma pachingwe sipanayanikidwe kanthu. Ndinkaganiza kuti ndi mkwiyo umene ukuwaiwalitsa.

Lachitatu chinthucho chinayamba kulankhula. Tikudya, chinkangoti the, kamodzi, ngati munthu wathyola chala, ife tonse n'kusiya kutafuna. Lachinayi chitenje chinayamba kutukuka kutsogolo. Mayi wina amene anabwera kudzapempha mchere anayang'ana n'kufunsa amayi kuti kodi mlendo wawoyo ali ndi miyezi ingati. Anaseka yekha.

Lachisanu nditaweruka ndinatsalira m'kalasi. Ndinawafunsa aphunzitsi, ngati funso la sayansi, kuti chinthu chodontha pang'ono chimatha masiku angati chisanaume. Anandiyang'ana, n'kukwinya mphuno, mwina chifukwa cha funsolo, mwina chifukwa cha fungo. Anati chinthu chija mdani wake si bowo, ndi kudzaza. Ndinathokoza, n'kupita kunyumba, n'kuthira maketulo atatu. Mwana wa zaka khumi amamva zimene mantha ake amulola kumva.

Loweruka ndi pamene ndinazindikira. Ndinalowetsa mlomo wa ketulo pakampata paja, ndipo madzi sanalirenso kutali. Analira pafupi, mawu aafupi, amene mtsikana aliyense wotunga madzi amawadziwa, a ndowa imene yatsala pang'ono kusefukira. Ndinapisa chala. Chinanyowa chisanalowe chonse. Ndinathamangira kuseri kwa chitseko kukawerenga zokala zanga, ndipo sizinkakwana kufikitsa madzi pamenepo. Ndinaganiza kuti mwina madzi a m'chinthu cha ku Joni amaswana.

Mpopi unali pomwepo. Ndikanautsegula, n'kutulutsa ndowa zingapo, mwina lero ndikanakhala ndikusimba nkhani ina. Ndinaugwira ndithu. Unali wozizira ndi wonyowa, ndipo pansi pa dzanja langa pulasitiki inali yokungika ngati ng'oma. Koma kutulutsa madzi amenewo ndi dzanja langa kunali ngati kuwatsegulira bambo chitseko kuti azipita. Ndinausiya.

Lamlungu masana pabalaza panadzaza. Bambo aakulu anavala suti yawo ya kutchalitchi ndi nsapato zopolisha, n'kukhala pampando woyandikira kwambiri, monga mwini katundu. Aphunzitsi anaitanidwa kuti adzaone kapepala kawo. Amayi anakhala pamkeka pafupi ndi khomo, miyendo yotambalala, manja pamiyendo. Ine ndinaima pakhomo, phazi limodzi m'kati, lina kunja.

Malume anayamba kumasula chingwe. Mfundo yake inali italimba moti anachita kugwiritsa mano. Aphunzitsi anayang'ana mmene chingwe chinaloweramo m'chitenje, anayang'ana mimba ija, n'kudzuka theka, pakamwa pali potsegula. Anaona chimene tonsefe sitinaone, kuti masiku onsewa chingwe cha ng'ombecho ndi chimene chinkagwira ntchito ya kamtanda kaja. Koma malume anali atakoka kale.

Chitenje chinagwa. Madzi anali m'khosi, akunjenjemera m'mphepete penipeni, kamtengo kobiriwira kakusuzumira kunja. Kapepala ka aphunzitsi kanali pansi kutali ngati chizindikiro cha chaka cha chilala. Khoma lakutsogolo linali litapindika ngati uta. 

Bambo aakulu ndi amene anayamba kupeza mawu. Anamwetulira, n'kuloza ndi chipewa chawo.

“Mwaona, mlamu? Sichinangosunga ayi. Chawonjezera.”

The.

Mng'alu unachokera pampopi, n'kukwera pang'onopang'ono, woyera, wowongoka, tonse tikuutsatira ndi maso ngati tikuwerenga pabolodi. Utafika pamwamba, khoma lonse linatseguka ngati chitseko.

Ndakhalapo pamvula zambiri, koma sindinaonepo mtsinje wochokera m'nyumba kupita kunja. Unayamba ndi bambo aakulu. Unawagwetsa chagada pamodzi ndi mpando, n'kuwavula nsapato imodzi, imene inakapezeka patapita masiku awiri kudimba, ikuyang'ana kumwera, ngati nayonso ikupita ku Joni. Mulungu ndi mboni. Nkhuku zimene zinali pakhonde zinaphunzira kusambira tsiku lomwelo. Dothi la pabalaza linasanduka phala.

Madzi atatha, kunatsala phokoso la madontho ochokera pathabwa. Bambo aakulu anadzuka, suti ikuchucha, n'kufunsa kuti ndani anadzaza chinthu chimene anauzidwa kuti chisadzazidwe, chifukwa ameneyo ndi amene wapha banja la mng'ono wawo. Malume anayang'ana pansi. Anati iwo anangothandizira pang'ono masana, zonse pamodzi ndowa imodzi, popeza ankadziwa kuti mpopi wawo ukulira misozi. Ine ndinayamba kulira ndisanafunsidwe. Ndinawasonyeza chitini, ndinawasonyeza zokala kuseri kwa chitseko, ndinaulula za kusamba. Pa nkhani ya kusambayo palibe amene anadabwa.

Aphunzitsi anali munthu woti akaona manambala sangawasiye. Anawerenga zokala zanga ndi chala, n'kuyesa ketulo ndi maso, n'kuyamba kuwonkhetsa mokweza ngati m'kalasi. Zitatu za poyamba. Imodzi ya malume, zinayi. Maketulo a mwanayu, ndowa ndi theka, zisanu ndi theka. Kuchotsa amene anadontha, tinene theka, zatsala zisanu. Koma chinali chodzaza, ndipo chodzaza ndi zisanu ndi ziwiri.

“Ndiye kuti pali ndowa ziwiri zimene...”

Anaima. Ankayang'ana amayi. Amayi anali asanasunthe pamkeka wawo wonyowa. Kamtengo kobiriwira kanakokoloka n'kudzaima pamiyendo pawo, ndipo ankakapukuta matope ndi nsonga ya chitenje, tsamba limodzilimodzi.

Aphunzitsi amenewa sanavomerepo kulakwa chibadwire. Tsiku lina analemba deti lolakwika pabolodi, ndipo sukulu yonse inakhala Lachiwiri masiku awiri. Koma apa anakhosomola, n'kupukuta magalasi awo.

“Ayi, ndalakwitsa ndine. Masamu akwana.”

Amayi anaika kamtengoko pambali, n'kuwongola msana.

“Chadontha, alamu,” anatero, mawu ali phee. “Achimwene, tulutsani mipando panja, muno mwanyowa.”

Ananditumiza kwa anansi. Ankhoswe anakhala pansi pa mtengo wa mango mpaka mithunzi kutalika, ndipo mwezi usanathe banja la amayi ndi bambo linali litamasulidwa. Bambo sanabwerenso. Zidutswa za chinthu chija malume anapangira mawindo a khola la nkhunda, ndipo nkhunda zathu zinali zoyamba m'boma lonse kuona mvula zili m'nyumba. Ine ndinasunga kamtanda.

Madzulo a Lamlungu limenelo, dzuwa lisanalowe, amayi anandikokera kubafa n'kundisambitsa okha ngati khanda. Sanandikalipire. Ankandikhula msana ndi mwala, ndipo ndinkamva matuza m'manja mwawo, atsopano, a chitsulo cha mjigo. Atawerama kuti atunge madzi ndinaona pa liwombo pawo pamene nkhata inanyula tsitsi, pofiira. Ndinawauza kuti ndine ndaswa, ndine ndathamangitsa bambo. Anati ndisiye kulankhula zopusa, nditukule mkono. Kenako ndinawafunsa ngati n'zoona kuti aphunzitsi analakwitsa masamu.

“Tseka maso,” anatero, “sopo angakulowe.”

Ndinatseka, koma m'mutu ndinkawerengabe. Zitatu, imodzi, imodzi ndi theka, kuchotsa theka. Ndinabwereza kasanu, madzi akutsika kumaso, ndipo nthawi zonse ndinkapeza zisanu. Ndinkangodabwa kuti munthu wophunzira chotero, wa magalasi, angaphonye bwanji samu imene ngakhale ine ndinkaikhoza.